Tambala wa Eni Ake pa Njinga ya a Elliam

Mukatsika minibasi pa depoti ya Balaka n'kufunsa za a Elliam Namathanga, anthu adzangoyang'anana. Koma mukati mukufuna mdala wa kabaza uja amayenda ndi tambala kutsogolo kwa njinga, ngakhale wogulitsa mandasi adzakulozerani kuseri kwa depoti, pafupi ndi zimbudzi, pamene njinga zakapalasa zimadikirira apaulendo.

A Elliam anabadwira ku Chikweo, m'boma la Machinga, m'banja la alimi a chinangwa ndi thonje amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Ku Balaka anabwera kaamba ka banja. Anakwatira mayi Martina a kwa Nsamala, n'kukhala pachikamwini mpaka imvi zinamera. Munthu wake ndi wofatsa, samwa, satukwana, koma ali ndi matenda amodzi amene ngakhale kuchipatala sangawapeze: mtima wawo umathamangira kwa amene akugonja. Ku mpira amayamba adikira kaye aone timu imene yamwetsedwa zigoli, ndiye n'kuyamba kuichemerera. Agalu awiri akamalumana, iwo amatola mwala kuti athandize wowondayo, ngakhale atakhala kuti ndiye waba nyama. Pa chisankho cha kutchalitchi anavoterapo munthu wina amene anapeza voti imodzi yokha, ndipo pambuyo pake zinamveka kuti mwini wakeyo anali atavotera mnzake.

Kabaza anamuyamba kale, njinga zakapalasa zikadali zokhazokha pa depoti. Kenako kunabwera njinga zamoto. Anyamata ake anaima pakhomo penipeni pamene anthu amatsikira, moti wapaulendo asanaponde n'komwe pansi, chikwama chake chimakhala chitamangidwa kale pa njinga yamoto. Akapalasa anakankhidwira kuseri kuja. A Elliam sankadana ndi liwiro ayi. Ankati wofulumira akwere yamoto, ndi ufulu wake. Chimene chinkawapweteka n'choti wapaulendoyo sankafunsidwa, ndipo ambiri ankachoka pa depoti osadziwa kuti kuserinso kuli njinga.

Nkhani ya tambala inayamba ndi foni. Mwana wawo Enock, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Liwonde, anawagulira foni yamakono yopalasa ndi chala, yogwiritsidwapo kale ntchito. A Elliam anaikonda kwambiri, koma bando ya intaneti akaika m'mawa, pofika masana inkakhala itatha asanaone n'komwe mmene timu yawo yagonjera. Anaitengera kwa Shamim, mayi wachiyawo amene ali ndi kachipinda kokonzera ndi kutchajira mafoni pambali pa depoti.

Shamim anaigwiragwira n'kunena kuti ikumwa bando ndi bulawuza, pulogalamu imene munthu amatsegulira masamba a pa intaneti. A Elliam anati ndiye aichotse.

"Iyayi atati, siichoka," anatero Shamim. "Inabwera ndi foni."

Anawaikira ina yaing'ono, yosadya bando kwambiri. Koma a Elliam atangodina nkhani ya mpira, inatseguka ndi yaikulu yomwe ija, yosaitanidwa. Shamim anachita kukumba mkati mwa foni ngati wokumba chinangwa m'chilimwe kuti apeze pamene munthu amauzira foni kuti akufuna inayo. Akukumba choncho anawafotokozera kuti makampani akuluakulu amaika bulawuza yawo kutsogolo, ndipo anthu ambiri amatha nayo foni osadziwa kuti kulinso zina. Anatinso kuli anyamata amene amapanga masamba ogwira ntchito ngati apu ya m'foni, onga osonyeza mtengo wa nandolo, amene munthu sachita kukatenga m'sitolo ya kampani, koma m'mafoni ena amayenda motsimphina chifukwa eni foni amafuna aliyense azidzera m'sitolo mwawo.

A Elliam anafunsa ngati tanthauzo lake n'loti yaing'onoyo aiimika kuseri kwa zimbudzi. Shamim anaseka n'kuvomera kuti tingatero ndithu.

Akanalekera pomwepo bwenzi zinthu zili bwino. Koma Shamim ndi munthu wokonda kuwerenga, ndipo pakamwa pake sipachedwa. Anawaonetsa tsamba la bungwe lina la kutsidya kwa nyanja, losachita malonda, limene ntchito yake ndi kulankhula ndi maboma komanso makampani kuti bulawuza iliyonse ipatsidwe mpata wofanana, munthu azisankha yekha. Pansi pa tsambalo panali pempho loti wofuna kuthandiza athandize.

Apa mpamene matenda aja anawagwira a Elliam mwamphamvu. Kwa iwo nkhaniyi inali yosavuta. Anthu amenewa anali olankhulira ofooka pa mlandu, ndipo kwawo ku Chikweo munthu wokulankhulira pa mlandu sumuthokoza ndi pakamwa pokha, umamugwirira nkhuku. Shamim anayesa kunena kuti kumeneko amalandira thandizo kudzera ku banki. A Elliam anayankha kuti za banki n'za anthu amalonda, m'bale umamupatsa chinthu chopuma.

Tsono kunyumba kwawo kunali atambala awiri. Wamkulu anali wofiira, wa chifuwa chotambasuka, woyenda ngati mwini mudzi. Ameneyu mayi Martina anamulera kuchokera ku dzira ndi cholinga chimodzi. Enock anali atapeza mbeta, Chrissie wa kwa Mposa, ndipo chinkhoswe chinali choti chichitike anthu akamweta mpunga. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kubwezera msoti, ndipo musanamizidwe, azimayi amamuyang'ana tambalayo kuposa mmene amamuyang'anira mkamwini. Akwawo kwa Chrissie ndi alimi a mpunga, anthu a nyumba zamalata. Mayi Martina, mkazi wa wakabaza, analibe chowaonetsa china koma tambala ameneyu, ndipo atapita koyamba kwa Mposa anali atanena kale pamaso pa azimayi akumeneko kuti adzabwera ndi tambala wolera okha. Wachiwiri anali katambala kakuda, kothothoka nthenga, kamene palibe anakamvapo kakulira. Pakhomopo ankangokatcha Kachetechete.

M'mawa mwake, mayi Martina ali kumjigo, a Elliam anagwira wofiira uja, poti anthu olemekezeka sungawapatse nkhuku yooneka yodwala. Anamuika m'dengu n'kupalasa mpaka kwa Shamim. Anamuuza kuti amujambule tambalayo, atumize chithunzi ku bungwe lija, alembe m'Chingerezi chomveka bwino kuti a Elliam Namathanga a kwa Nsamala apereka tambala, eni ake abwere adzatenge. Shamim analemba akupukuta misozi ya kuseka. Mumtima ankati palibe angayankhe zoterezi, mdalayu adikira pang'ono kenako aiwala.

Madzulo a Elliam anabwerera ndi tambala n'kufotokozera akazi awo zonse monyadira. Mayi Martina anamvetsera akusenda chinangwa. Sanadandaule kwambiri, poti tambalayo anali atabwerera, komanso wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Zaka zonsezi anali ataonapo amuna awo akubwera ndi galu wachiwewe pa kaliyala, ndiye za anthu akutsidya kwa nyanja anangoti zipita ndi mphepo.

Sizinapite. Yankho linabwera. Shamim anawaitana a Elliam n'kuwawerengera akumasulira. A bungwewo anathokoza kwambiri, anati chiyambireni ntchito yawo sanalandirepo tambala, ndipo chithunzicho achipachika pamene amakumanira. Anati kubwera sangathe pakali pano, choncho awasungire, ndipo thandizo lina lalikulu n'kuuza anthu kuti ali ndi ufulu wosankha. Shamim ataona mmene nkhope ya a Elliam yasinthira, anafulumira kunena kuti azunguwo akungocheza. Koma mawu anali atalowa kale. Anati tiwasungire.

Muyenera kumvetsa chimene mawu amenewa amatanthauza kwa munthu woleredwa ku Chikweo. Chiweto chosungitsa si chako. Suchipha, suchigulitsa, suchipereka kwa wina, ngakhale m'nyumba mutagona njala. Chikafa chokha, umasunga chikopa kapena mutu kuti mwini wake adzaone ndi maso. Bambo awo a Elliam anasungirapo mbuzi mlamu wawo amene anapita ku Joni osabweranso, ndipo chikopa chake chinakhala kudenga mpaka nyumbayo inagwa. A Elliam analibe munda waukulu, analibe njinga yamoto, koma ankadziwika kuti ukawasungitsa kanthu udzakapeza, ndipo mbiri imeneyi ankaisamala kuposa njinga.

Atawauza mayi Martina kuti tambala tsopano ndi wa eni ake, mayiwo anasiya mpeni.

"Nanga kwa Mposa tikapita ndi chiyani, abambo a Enock?"

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, amayi."

"Wolonjeza ndinu. Nanga wolera anali ndani?"

Funso limeneli a Elliam sanalimve, chifukwa anali atayamba kale kupopa tayala lakumbuyo.

Poopa kuti tambala wa eni ake angasowe iwo ali kuntchito, anayamba kumayenda naye. Dengu ankalimangirira ku handulo, tambala mutu panja ngati bwana akuyendera minda. Ndipo poti anapemphedwa kuuza anthu, anauzadi anthu. Wokwera kabaza alibe kothawira. Munthu akangokhala pa khushoni, a Elliam ankayamba ndi funso loti kodi bulawuza imene ili m'foni mwake anaisankha yekha kapena anangoipezamo. Anamulalikira mphunzitsi wochedwa kusukulu. Anamulalikira mayi wopita kusikelo ndi mwana kumbuyo. Anawalalikira a shehe ena ochokera ku Ntaja, amene anamvetsera mwaulemu ulendo wonse, ndipo potsika anatulutsa kafoni kamabatani n'kufunsa ngati nawonso ali pa mlandu. Pachitunda mpweya ukawathera, tambala ankalira, iwo n'kupumirapo.

Anyamata a njinga zamoto anayamba kuwatcha a Bulawuza. Iwo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Anthu ena anapitadi kwa Shamim kukafunsa za bulawuza inayo, ena n'kuikonda, ena n'kubwerera ku yakale. A Elliam obwererawo sankawakwiyira. Ankati bola afunsidwa.

Kunyumba zinthu sizinali choncho. Mpunga unayamba kucha kwa Mposa, uthenga wa tsiku la chinkhoswe unabwera, ndipo mayi Martina anasiya kuwalankhula amuna awo. Madzi osamba ankaika, chakudya ankaika, koma mawu ayi. Enock anabwera kuchokera ku Liwonde n'kunena kuti nkhani yake ndi yaing'ono, akagula tambala wina kumsika. Mayi ake anakana kwamtuwagalu. Anati iwo ananena pagulu kuti adzabwera ndi wolera okha, ndipo sangakaime pamaso pa azimayi a kwa Mposa atanyamula bodza lomangidwa miyendo. Enock anapita kwa bambo ake, bambo ake anamuuza za mbuzi ya ku Joni. Mnyamatayo anakwera minibasi mutu ukumuwawa, osadziwa ngati akwatire kapena adikire azungu.

Kunena zoona, a Elliam zinkawapweteka. Akazi awo ankawakonda, ndipo nyumba yopanda mawu awo inali yozizira. Koma ankadzitonthoza kuti nkhani zikuluzikulu za dziko lapansi sizimveka msanga kwa aliyense.

Tsiku lina tcheni chinaduka ali pakati pa ulendo. Anamupepesa wapaulendo, n'kuyamba kukankha njinga kubwerera kunyumba dzuwa lili paliwombo, nthawi imene iwo sakhala pakhomo. Akuyandikira, anamva tambala akulira pabwalo pawo, mawu onenepa, achilendo. Anasuzumira m'dengu, wofiira anali momwemo. Atalowa anaona tambala wakuda, nthenga zikunyezimira, ataima pamwamba pa mtondo, nkhuku zazikazi zikutolatola pansi pake. Anaganiza kuti ndi wa oyandikana nawo, anawerama kuti atole mwala.

"Mukufuna kugenda mwana wa pakhomo pano?" anatero mayi Martina ali pakhonde. Anali mawu awo oyamba patapita nthawi. "Ameneyo ndi Kachetechete."

A Elliam sanakhulupirire. Ankachoka m'mamawa, ankabwera nkhuku zitalowa m'khola, ndiye kusinthaku kunawadutsa. Nthawi yonse imene wofiira ankayenda pa kabaza, Kachetechete ankadya madeya mwamtendere. Nthenga zinamera, chifuwa chinatuluka, ndipo mawu amene anthu ankati alibe anali nawo.

Ali chiimire choncho, anatsitsa dengu. Wofiira anadumpha, anathamangira pa mbale ya madeya n'kuima kutsogolo kwake, osadya n'komwe, kungotchinga. Kachetechete atatsika pa mtondo kuti ayandikire, anajompholedwa pamutu, anathamangitsidwa kuzungulira nkhokwe, mpaka anakabisala kuseri kwa chimbudzi.

A Elliam anavula chipewa. Anayang'ana wofiira, anayang'ana kuchimbudzi. Ndi mawu otsika ananena kuti ndiye kuti anthu olankhulira ofooka aja iwo anawapatsa tambala wotchingira mnzake, njinga yamoto ya pakhomo pano.

Mayi Martina anaseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwira m'mimba. Koma atamaliza anapukuta m'maso ndi chitenje, ndipo chimene ananena sichinali choseketsa.

"Anyani amasekana zikundu, abambo a Enock. Mwazungulira Balaka yense kulira kuti anthu safunsidwa. Za mafoni mwaziona, za kutsidya kwa nyanja mwaziona. Tambala ndinalera ine. Munandifunsa?"

Ulendo uno panalibe tayala loti apope. A Elliam anakhala pansi pa mtengo wa mango, tcheni choduka chili m'manja, ndipo anachita manyazi kwambiri. Anakumbukira galu wachiwewe uja, anakumbukira nkhunda zimene anapatsa timu yogonja, anakumbukira chaka chimene anadzala thonje m'munda wa akazi awo chifukwa anamva kuti thonje anthu alitaya. Anafufuza m'mutu kuti ndi liti anayambapo wafunsa, osapeza.

Kutatsala tsiku limodzi kuti apite kwa Mposa, sanapite kuntchito. Anagwira atambala onse awiri, ntchito imene inawagwetsa m'mbatata kangapo, anawamanga miyendo ndi luzi, anayala mkeka pakhonde n'kuwaika pamenepo. Kenako anaitana akazi awo mwaulemu ngati akuitana mlendo.

"Amayi a Enock, atambalawa ndi anu onse. Sankhani. Mukatenga wofiira, ndikapepesa ndekha kwa eni ake, ndikawauza kuti ndinapereka chinthu chosakhala changa."

Mayi Martina ankadziwa kulemera kwa mawu amenewo. Ankadziwa kuti amuna awo akanalola kugulitsa njinga kusiyana n'kuti zimveke pa depoti kuti a Namathanga adya chosungitsa. N'chifukwa chake sanafulumire. Anati ayambe atereka nyemba. Atatereka nyemba anasesa pabwalo pamene anali atasesa kale. Anapita kukabwereka mchere umene anali nawo. A Elliam anangokhala pa mkeka pakati pa atambala awiri, thukuta lili kamukamu, wofiira akuwajompha bondo.

Pomaliza mayiwo anabwera. Ananyamula wofiira, anamuyeza m'manja, anamusisita pakhosi nthawi yaitali, moti a Elliam anayamba kukonza mumtima mawu a chipepeso. Anamuika pansi. Ananyamula Kachetechete, anamutembenuza, anamuyang'ana m'maso, n'kumukumbatira m'khwapa.

"Uyu," anatero. "Ndinamusankha kalekale, tsiku limene analira koyamba. Ndimangodikira funso."

Kwa Mposa anapita ndi wakudayo. Ankhoswe akuchikazi ali pakati pa malangizo, Kachetechete anatukula khosi m'manja mwa malume ake a Enock n'kulira mokweza, moti wolankhulayo anaiwala pamene anali. Azimayi anaimba nthungululu. Wina anafunsa kuti tambala wotere amugula kuti, ndipo mayi Martina anayankha mosakweza mawu kuti ndi wolera okha. A Elliam anali pambuyo pa gulu. Anaona bambo wina wa kuchikazi akutulutsa foni, milomo inawayabwa, koma atayang'ana akazi awo anaganiza zoti tsikulo likhale la eni ake.

Wofiira akadalipo. Wakalamba, salira pafupipafupi, koma akudikirabe eni ake, ndipo Shamim amatumiza chithunzi chake kutsidya kwa nyanja nthawi ndi nthawi kuti aone kuti sanaonde. Njinga zamoto zikadali pakhomo pa depoti, akapalasa akadali kuseri, ulaliki ukupitirira. Chasintha n'chimodzi. M'mawa uliwonse, asanamange dengu ku handulo, a Elliam amaima pakhomo la khitchini n'kufunsa ngati angamutenge tambala. Masiku ambiri mayi Martina amangogwedeza mutu kuvomera. Masiku ena amati iyayi, popanda chifukwa chilichonse, ndipo a Elliam amamasula dengu n'kunyamuka okha. Ndiye mukadzafika pa depoti n'kuwapeza alibe tambala, musadzaganize kuti eni ake abwera.